Mbiri ya Thirakitala Yotuwa ya Ferguson ndi Anthu Oisunga

Mwa zitsulo zonse zimene zinatuluka m'mafakitale a ku Ulaya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, n'zowerengeka zimene zikali kugwira ntchito yomwe anazipangira. Sitima zapamtunda zoyendera malasha zinaima, ndege za masiku amenewo zili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, ndipo magalimoto ochuluka anadyedwa ndi dzimbiri eni ake asanafe n'komwe. Koma thirakitala yaing'ono yotuwa ya Ferguson, imene Angerezi anaitcha Fergie monga ngati mwana wa m'nyumba, ikali kugalauza minda ndi kukoka ngolo m'maiko ambiri, ingakhale yapitirira zaka 70, ndipo woiyendetsa lero nthawi zina amakhala mdzukulu wa munthu amene anaigula. Chinthu chokhalitsa chotere sichikhalitsa mwamwayi. Tsono n'koyenera kuti tifunse za munthu amene anaiganiza, za nzeru imene anaikamo, ndi za anthu a mitundu iwiri amene akuisunga masiku ano pa zifukwa zosiyana kotheratu.

Harry Ferguson anabadwa m'chaka cha 1884 ku Growell, m'chigawo cha County Down kumpoto kwa Ireland, m'banja la alimi la ana 11, kumene tate anali munthu wopembedza molimba ndi wosaseka ndi ntchito. Mnyamatayo anali wochepa thupi, ndipo kutsata akavalo tsiku lonse m'munda wamatope, manja ali pa pulawo yolemera, kunam'dzetsera chidani ndi ulimi wa thukuta chimene sichinam'choke kufikira imfa yake. M'chaka cha 1902 anasiya munda wa atate ake napita ku Belfast kukagwira ntchito m'galaja ya mkulu wake. Kumeneko anaphunzira injini, nachita mipikisano ya njinga zamoto, ndipo pa tsiku lotsiriza la chaka cha 1909 anauluka pa ndege imene anaipanga yekha, nakhala munthu woyamba kutero m'dziko la Ireland. Wina akadayesa kuti munthu wotereyu wathana nalo khasu mpaka kalekale. Koma nkhondo yoyamba ya dziko lonse itavuta, zombo zodzetsa chakudya zilikumizidwa panyanja, boma linafuna kuti Ireland alime chakudya chambiri, ndipo m'chaka cha 1917 linatuma Ferguson, amene pa nthawiyo anali kugulitsa mathirakitala a ku America otchedwa Overtime, kuti ayendere mafamu ndi kuona mmene makinawo anali kugwirira ntchito. Anayenda pamodzi ndi mmisiri wake Willie Sands, ndipo zimene anaona m'mindamo ndizo zinam'bwezera ku ulimi.

Mathirakitala a masiku amenewo anali zimphona zolemera zimene zinkakoka pulawo kumbuyo ndi unyolo kapena chitsulo chimodzi, monga akavalo ankakokera, popeza opanga ake sanaganize zambiri koma kuchotsa nyama ndi kuikapo injini. Kulemera kwake ndiko kunkathandiza matayala kugwira nthaka, komanso ndiko kunkatha mafuta ndi kutsendereza munda. Pamene Henry Ford anatulutsa Fordson yake yopepukirapo m'chaka chomwecho cha 1917, panaoneka tsoka lina loposa loyambalo: pulawo ikakodwa pa mwala kapena pa chitsa chobisika, matayala akumbuyo ankaima, koma injini siinkaima, ndipo mphamvu yake, posowa kolowera, inkadzutsa mutu wa thirakitala m'mwamba mpaka yonse kugwa chagada pa woyendetsa. Zimenezi zinkachitika m'kamphindi, munthu asanafikitse phazi pa kilatchi, ndipo alimi ambiri anasiya akazi amasiye mwa njira imeneyi.

Nzeru ya Ferguson inali yakuti thirakitala ndi pulawo zileke kukhala zinthu ziwiri, china chokoka china chokokedwa, koma zikhale thupi limodzi. Anamangirira pulawo ku thirakitala ndi mikono itatu yachitsulo, iwiri m'munsi ndi umodzi pamwamba. Pulawo ikalowa m'nthaka, nthaka imaikaniza kunsi, mwakuti mikono iwiri ya m'munsi imakokedwa, pamene mkono wa pamwamba umakankhidwira kutsogolo. Ndipo kukankha kumeneko, kumene poyamba kukadakhala mphamvu yotayika, ndiko kumatsendereza matayala akutsogolo pansi kuti mutu usadzuke, pamene kulemera kwa pulawo ndi kwa dothi limene yanyamula kumagwera pa matayala akumbuyo kuti agwire nthaka molimba. Motero thirakitala yopepuka inayamba kulima munda umene kale unkafuna chimphona. Sanalekere pomwepo. Kumbuyo kwa mpando anaikako sipiring'i yolimba imene imamva mphamvu ya mkono wa pamwamba uja. Nthaka ikauma ndi kukaniza kwambiri, sipiring'iyo imatsegulira oyilo wopanikizidwa ndi pampu, ndipo oyiloyo amatukula pulawo pang'ono. Nthaka ikafewa, pulawo imatsikanso yokha. Mlimi wozolowera khasu amamva m'dzanja lake pamene dothi lasintha, nasintha kagwiridwe osaganiza n'komwe. Chitsulo cha Ferguson chinaphunzitsidwa kumva chimodzimodzi. Ndipo pulawo ikagunda chitsa, kulemera kuja kumachoka pa matayala akumbuyo, nangozungulira pamodzimodzi, woyendetsa ali wamoyo pampando. Chilolezo cha umwini wa nzeru imeneyi anachilandira m'chaka cha 1926, koma panapita zaka zina zambiri za kuyesa ndi kulephera isanakhwime. Lero pafupifupi thirakitala iliyonse ya pamunda ili ndi mikono itatu imeneyo kumbuyo kwake.

Komatu kukhala ndi nzeru n'kwina, kukhala ndi fakitale n'kwinanso, ndipo Ferguson, amene analibe fakitale, analinso munthu wovuta kukhala naye m'goli limodzi. M'chaka cha 1933 iye ndi amisiri ake anapanga thirakitala yoyesera yopakidwa penti wakuda, imene pambuyo pake inasungidwa ndi Science Museum ya ku London. M'chaka cha 1936 David Brown wa ku Huddersfield anavomera kuipanga yogulitsa, koma atapanga zoposa 1,000 pang'ono anayambana, pakuti Brown ankafuna kuikulitsa, pamene Ferguson sankalola kuti asinthe ngakhale bawuti imodzi. Pamenepo anawoloka nyanja m'chaka cha 1938, nakaonetsa thirakitala yake kwa Henry Ford ku Dearborn. Ndipo nkhalamba ija itaona kachitsulo kakang'ono kakupambana zazikulu m'munda wake womwe, amuna awiriwo anapangana kuti Ford azipanga, Ferguson azigulitsa, nasindikiza panganolo ndi kugwirana chanza kokha, popanda kalata kapena mboni ya lamulo. Ford 9N inatuluka m'chaka cha 1939, ndipo mathirakitala oposa 300,000 anapangidwa pa mphamvu ya chanza chimenecho. Ena amasimba nkhaniyi ngati chitsanzo cha ulemu wa amuna akale. Ife tiyesa kuti kunali kusasamala kwa anthu awiri odzikhulupirira, oiwala kuti munthu amafa koma kampani imatsala. Mdzukulu wa Ford, Henry Ford II, atatenga ulamuliro anaona kuti phindu likupita kwa mlendo, nathetsa panganolo, napitiriza kupanga thirakitala ya mikono itatu pa dzina la Ford lokha. Ferguson anasuma mlandu wa madola 251 miliyoni, ndipo popeza mlandu suola, unakokeka kufikira 1952, pamene anavomera kulandira madola 9.25 miliyoni.

Chanzacho chisanazizire n'komwe, iye anali atapeza kale bwenzi lina kwawo. Ku Banner Lane, m'mphepete mwa mzinda wa Coventry, kunali fakitale yaikulu imene pa nkhondo inkapanga injini za ndege, ndipo mtendere utadza inali kusowa ntchito. Sir John Black wa Standard Motor Company anavomera kuti m'menemo muzipangidwa thirakitala ya Ferguson, ndipo owerenga aneneri sanalephere kukumbuka za malupanga osulidwa kukhala makasu. Yoyamba, yotchedwa TE20, inatuluka m'chaka cha 1946, ndipo pofika 1956, pamene analeka kuipanga, anali atapanga 517,651, ambiri a iwo otumizidwa kunja kwa Britain. Onse anali otuwa, pakuti mwini wake sankafuna mtundu wina.

Chimene chasunga thirakitala imeneyi kufikira lero, koposa ngakhale mikono itatu ija, ndi chakuti inapangidwira mlimi wokhala kutali ndi makaniko. Ferguson analamula kuti mabawuti amene mlimi amawamasula kawirikawiri, pa thirakitala ndi pa zipangizo zake zonse, akhale a misinkhu iwiri yokha, kuti sipanala imodzi ya kukamwa kuwiri ikwanire ntchito yonse. Ndipo pa msana pa sipanalayo analembapo mainchesi, kuti mlimi aziyezera kuya kwa pulawo ndi kuviika m'thanki poona mafuta otsala. Injini inkalizidwa ndi ndodo ya giya yomwe, mwakuti kunali kosatheka kuiliza ili m'giya ndi kuponda mwana woimirira kutsogolo. Magiya anali anayi opita kutsogolo ndi imodzi yobwerera. Panali zipangizo zamitundumitundu zomangirira kumbuyo, zolimira, zopalira, zounga mizere, zotchetcha udzu, zocheka nkhuni, zokumba maenje, kudzanso ngolo yodzikhuthula yokha. Ndipo ku Stoneleigh anatsegula sukulu kumene ogulitsa ndi alangizi ochokera m'maiko ambiri ankaphunzira kumasula ndi kumanganso chitsulo chilichonse. Ferguson ankalalikira, monga munthu wa uthenga, kuti ulimi ukapepuka chakudya chidzatsika mtengo, ndipo chakudya chikatsika mtengo umphawi ndi nkhondo zidzachepa. Dziko silinayende monga iye ananenera, koma chikhulupiriro chimenecho ndicho chinam'letsa kupanga chitsulo chofuna katswiri pa vuto lililonse.

Kunena za mafuta, pali mwambo umene eni mathirakitala akalewa amausunga mpaka lero. Oyambirira ankayendera petulo. Koma petulo anali wodula ndi wopimidwa ku Britain, ndipo m'chaka cha 1949 anatulutsa mtundu woyendera mafuta otchipa ofanana ndi palafini. Mafuta amenewo sayaka m'injini yozizira. Tsono thanki ili ndi zipinda ziwiri, chaching'ono cha petulo ndi chachikulu cha palafini. Munthu amaliza injini pa petulo, nayembekeza modekha kufikira itatentha, napotoza kampopi kuti palafini alowe. Ndipo madzulo, asanazimitse, ayenera kubwezeranso ku petulo, apo ayi mmawa adzapeza kabuleta yodzala palafini, injini yosamva kupempha kapena kutukwana. Wopupuluma, amene amapotoza kampopi injini isanatenthe, palafini wake amatsikira m'oyilo namusungunula, ndipo injini imatha msanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mafuta a mtunduwo analeka kugulitsidwa ku Britain m'chaka cha 1974, ndipo eni ake amasakaniza okha palafini ndi petulo, aliyense ndi muyezo wake umene amaukhulupirira ndi kuutetezera pa mkangano. Mtundu wa dizilo unadza m'chaka cha 1951. Ndi wosatha mafuta, koma wotchuka ndi kukana kudzuka mmawa wa chisanu.

Mbiri ya Fergie inafika kutali. M'chaka cha 1956 mitsinje ya Murray ndi Darling inasefukira ku Australia, ndipo anthu a m'tauni ya Wentworth anaunda zipupa za dothi usana ndi usiku ndi mathirakitala ang'ono amenewa, amene chifukwa cha kupepuka ankayenda pamwamba pa zipupa zonyowa pamene zazikulu zikadatitimira. Tauniyo inapulumuka, ndipo anthu ake anamangira thirakitala chipilala cha chikumbutso. Pa 4 January 1958 Sir Edmund Hillary anafika ku South Pole ndi ma Ferguson atatu ovekedwa malamba a pa chipale, ndipo aka kanali koyamba kuti chinthu choyendera injini chifike kumeneko pamtunda. Pa nthawiyo n'kuti Ferguson atagwirizanitsa kampani yake ndi Massey-Harris ya ku Canada m'chaka cha 1953, atayambana nawonso monga mwa khalidwe lake, ndi kugulitsa gawo lake. Anamwalira m'chaka cha 1960.

Kuno kwathu ku Africa nkhani ya makina olimira inayamba ndi maloto aakulu a atsamunda, ndipo maloto amenewo ndiwo anayamba kufa. M'chaka cha 1947 boma la Britain, posowa mafuta ophikira, linayamba ntchito yolima mtedza ku Tanganyika, ku Kongwa, Urambo ndi Nachingwea. Anatumizako makina aakulu otsala pa nkhondo, mpaka akasinja a Sherman osandutsidwa mathirakitala, koma mizu ya m'tchire inathyola zitsulo, dothi louma linadya mapulawo, mvula inakana, ndipo pofika 1951 ntchitoyo inalekedwa itameza mapaundi oposa 30 miliyoni. Ku Nyasaland nako bungwe la Colonial Development Corporation linayesa kulima mpunga ndi makina m'dambo la Limpasa ku Nkhata Bay, ndipo silinapindule. Mathirakitala amene anakhazikika anali ang'onoang'ono a m'maesiteti a tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo, a m'minda ya fodya, a pa mamishoni ndi a m'malo ofufuzira za ulimi monga Chitedze. Koma tisanamizane: thirakitala siinalande khasu m'dzanja la mlimi wa m'mudzi. Munthu wa munda wosakwana hekitala imodzi, wodzala zitsa, wopanda msewu wofikako, sakanatha kuigula kapena kuidyetsa; ndipo m'zaka zomwezo zimene Fergie anali kutuluka ku Coventry, makolo athu anali kukakamizidwa ndi malamulo a malimidwe kuunga mizere ndi manja, wokana nalipitsidwa chindapusa. Kumene ulimi wa m'mudzi unapepukako, monga ku Mzimba ndi ku Karonga, zinali ng'ombe zimene zinaupepuza.

Ana a thirakitala yotuwa ndiwo anachuluka m'misewu yathu. Massey Ferguson 35 yofiira inatuluka m'chaka cha 1957, ndipo 135 inatsatira m'chaka cha 1964, ili ndi injini ya dizilo ya Perkins ya masilinda atatu imene amakaniko ambiri amainena kuti siidziwa kufa. Fakitale ya ku Banner Lane inaleka kupanga mathirakitala m'chaka cha 2002, koma mbewuyo inali itamera kale kwina: kampani ya TAFE ku India ndi ya Millat ku Pakistan zinapitiriza kupanga mathirakitala a mtundu womwewo, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene masipeya ake sasowa pa msika.

Tsono lero osunga zitsulo zakalezi ali m'magulu awiri. Ku Britain, ku Ireland ndi ku Australia kuli anthu, ambiri a iwo opuma pa ntchito, amene amagula thirakitala yovunda m'khola, naimasula bawuti ndi bawuti, nafufuza chaka chimene inapangidwa powerenga nambala ya pa kachitsulo ka pafupi ndi chiwongolero, nakangana pa za penti wotuwa weniweni, kufikira itawala kuposa tsiku limene inatuluka m'fakitale. Ali ndi mabungwe awo ndi magazini awo. Amapita nazo ku zionetsero, amayenda pa mdipiti m'misewu ya kumidzi posonkhetsa ndalama zothandizira odwala, ndipo amachita mipikisano yoona amene adule mzere wowongoka koposa. Sitiwanyoza, pakuti chifukwa cha iwo mabuku a kakonzedwe akusindikizidwabe ndipo zitsulo zimene zikadasowa zikusulidwabe. Koma gulu lachiwiri ndilo Ferguson akadalizindikira ngati lake. Ndi mwini thirakitala wa pa boma kapena pa tauni yaing'ono ya kuno kwathu, amene anagula Massey Ferguson 135 kapena 165 yogwiritsidwa kale ntchito, mwina pa esiteti imene inatsekedwa, mwina kwa amalonda oitanitsa zakale ku Britain. Iye m'mwezi wa October amagalauza minda ya anthu pa mtengo wa pa ekala, ndipo miyezi ina yonse amatuta njerwa, mchenga, nkhuni za m'mabalani, matumba a feteleza ndi a chimanga, ndiponso anamalira pa tsiku la zovuta. Thirakitala yake penti anaiwala kalekale. Usiku imagona pa chitunda, mutu utaloza kunsi, pakuti batire inafa, ndipo mmawa anyamata amaikankha kuti idzuke. Chitsulo chikathyoka, wowotcherera wa pa msika amachilumikiza. Mngerezi wa zionetsero akadalira poiona. Komabe iyo yaphunzitsa ana sukulu, ndipo mawa idzadzukanso.

Pali zina zimene mwini aliyense wa chitsulo chakale ayenera kuzidziwa, ndipo safunsa anadya phula. Mathirakitala amenewa anapangidwa kusanabwere lamulo la chitsulo chotchinjiriza woyendetsa ikagubuduzika, limene ku Britain linayamba kugwira mathirakitala atsopano m'chaka cha 1970. Pa malo otsetsereka woyendetsa alibe chom'teteza. Mikono itatu imateteza pokhapokha katundu atamangidwa pa malo ake. Munthu wozula chitsa atamanga unyolo pamwamba, pafupi ndi mpando, wadzibwezera yekha ku tsoka lija la Fordson. Mabuleki a TE20 amafooka oyilo wa m'mbuyo akadontheramo, ndipo ngolo yodzala njerwa imatha kukankha thirakitala yopepuka chotere pa mtsetse. Mpando ndi umodzi. Ana amene timawaona atakhala pa madigadi ali pa khomo la manda. Ndipo pa za kusamala, zofunika n'zochepa ndiponso zotopetsa kuzimva: oyilo wosinthidwa pa nthawi yake, girizi, dizilo wosefedwa bwino, ndi chosefera mpweya chotsukidwa kawirikawiri m'nyengo ya fumbi, pakuti fumbi la m'chilimwe chathu lapha injini zambiri kuposa ukalamba.

Kuti kusowa kwathu si kwa zitsulo zatsopano kokha, tinakuona tokha. Boma la Malawi linakongola madola 50 miliyoni ku banki ya ku India, ndipo mwa zina linagula mathirakitala 177 oti athandize alimi ang'onoang'ono. Koma m'chaka cha 2016 Ombudsman Martha Chizuma anapeza kuti ambiri anagulitsidwa motchipa kwa akuluakulu a ndale ndi a m'boma, ngongole n'kutsalira mtundu wonse. Thirakitala ya zaka 50 imene mwini wake anaigula ndi thukuta lake, naidziwa kulira kwake, yalima minda ya amphawi yambiri kuposa zatsopano zimene zinalibe mwini.

Inu amene muli ndi Ferguson yakale kuseri kwa shedi ya fodya kapena pa bwalo la mishoni, udzu utamera m'matayala, musafulumire kuitana ogula zitsulo zakutha, amene adzaiyeza pa sikelo ndi kukupatsani mtengo wa dzimbiri. Pukutani kachitsulo ka pafupi ndi chiwongolero, mulembe nambala yake, ndipo muitane makaniko wachikulire amene anagwirapo ntchito pa esiteti kuti aione; ngati injini siinang'ambike, masipeya ake akupangidwabe, ndipo ikhoza kukulimirani chaka chino.